Ng'ombe Ipuma Masana: Nanga Mlimi Apuma Liti?

Munthu ali yense wokhala ndi ng'ombe zapagoli adziwa malamulo a ng'ombezo popanda womphunzitsa. Azimanga mbandakuca, dzuwa likakwera azimasula, apita nazo kumadzi, nazisiya pamthunzi kuti zibzikule. Wina akalimitsa ng'ombe kufikira madzulo osaimwetsa, mudzi wonse umseka kuti ngwopusa, ali kutaya cuma cace. Koma munthu yemweyo akadzicitira yekha zotero, kapena akacitira mkazi wace, timtama kuti ndiye mlimi wakhama. Abale anga alimi, kuweruza kumeneku nkokhota, ndipo kuli kutidyera anthu.

Mau awa ayenera makamaka ife a ku Sasare ndi midzi yotsikira ku Luangwa, m'dziko la Petauke ndi Nyimba. Kuno dzina la Sasare linamveka kale cifukwa ca golidi amene anakumbidwa m'mapiri ace, koma cimene cidyetsa mabanja caka ndi caka ndi khasu. Kumene kuli kashembe ng'ombe sizikhala bwino, cotero m'nyumba zambiri mulibe goli kapena ngolo. Pamenepo thupi la munthu ndilo ng'ombe yace, ndilo ngolo yace. Likatyoka, palibe msika wogulako lina.

Miyezi imene zonse zikomana

Tayang'anani caka ca mlimi monga ciyendera. Mu Okutobala dzuwa la kucigwa lifika pa madigiri 40, ndipo ndiyo nthawi yokonza minda. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kubzala ndi kupalira zidza pamodzi, pakuti udzu sudikira munthu. Pofika Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zambiri zayera pansi, ena apita ku ganyu m'minda ya anzao nasiya yao, ndipo udzudzu waswana m'zithaphwi zonse. Cotero nchito yaikulu koposa igwa pa miyezi imene cakudya cacepa koposa, ndi imene malungo acuruka koposa. Mlimi wogona masiku 7 pamphasa mu Januwale sanataye masiku 7 okha: wataya gawo la nkhokwe yace, cifukwa cimanga cocedwa kupalira sicibwezanso mphamvu imene udzu unaba.

Ncifukwa cace nditi kusunga thupi sindiko kudzikonda kwa anthu a m'maofesi a ku Lusaka. Ndiyo nchito yaulimi, yolingana ndi kusula khasu ndi kumanga nkhokwe.

Dzuwa ndi madzi

Makolo athu anali kulawira kumunda nyenyezi zisanazime, naweruka dzuwa liri pamutu. Sanali aulesi. Munthu wolima m'dzuwa lotentha angataye thukuta lokwana lita imodzi pa ora limodzi. Madzi amenewo akapanda kubwezedwa, mutu uwawa, maso acita cidima, miyendo ikokana, ndipo zikacitika masiku ambiri impso zivulala. Cizindikilo cace nciapafupi: mkodzo ukakhala wocepa ndi wofiirira, thupi liri kupempha madzi. Pitani kumunda ndi cigubu ca madzi a pa mjigo, kapena ophitsa, kapena othira klorini, ndipo imwani pang'ono pang'ono musanamve ludzu. Nchito yolemetsa ikhale ya m'mawa ndi ya madzulo. Ya masana ikhale ya pamthunzi, monga kusenda mbeu ndi kukonza mipini.

Msana nao uli ndi malire ace. Thumba la makilogalamu 50 lisanyamulidwe ndi munthu mmodzi wowerama. Pindani maondo, thumba likhale pafupi ndi thupi, kapena itanani mnzanu. Popalira, weramukani kawiri kawiri ndi kuongola msana. Palinso njira yocepetsa phuma la m'dzinja. A Conservation Farming Unit, amene anayamba nchito yao m'Zambia mu 1996, anaphunzitsa kukumba maenje obzalamo m'cilimwe, kuyambira pamene tatha kukolola, pang'ono tsiku ndi tsiku. Wocita zimenezi mvula yoyamba impeza munda uli wokonzeka, ndipo nchito ya masabata 2 aigawa pa miyezi 4. Akulu anati pang'ono pang'ono ndi mtolo.

Musagulitse mphamvu zanu zonse

Dziko la Petauke lidziwika ndi nshawa, ndipo a paulendo pa mseu waukulu wa Great East Road aima pa Nyimba kugula nthoci. Koma taonani cimene cicitika. Nshawa zonse zipita kwa ogula mu Juni, nthoci zabwino zipita kumseu, ndipo mu Januwale wolima zonsezi apita kumunda m'mimba muli zii, nadzadya nsima ya masamba owiritsa m'madzi ndi mcere dzuwa litapendeka. Nsima ipatsa mphamvu ya tsikulo, koma siimanga mnofu payokha. M'nshawa gawo limodzi mwa magawo 4 ndi cakudya comanga thupi, ndipo pafupi theka ndi mafuta. Ndiyo nyama ya munthu wosauka.

Cotero musanapite nazo kusikelo, patulani thumba la panyumba, pamodzi ndi nyemba ndi khobwe, ndipo liikeni m'manja mwa amai kuti lifike m'dzinja. Nshawa zikhale zouma bwino. Za cuku tayani, pakuti cukuco ciri ndi ululu woononga ciwindi. M'mawa musapite kumunda osalawa kanthu: phala lotendera, mkute, mbatata kapena thobwa zikwanira. Mcere ucepe. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, liti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi. Kuthamanga kwa magazi sikusankha a m'tauni okha, ndipo kawiri kawiri sikumveka kuwawa kufikira tsiku limene munthu agwa nafa ziwalo. Kuyezetsa kutenga mphindi zowerengeka. Pamene mwapita kucipatala ca pafupi, kapena ku Minga, ku Nyanje, ku Petauke kapena ku Nyimba, pemphani kuti akuyezeni, makamaka ngati mwapitirira zaka 40.

Tulo ndi neti

Munthu wamkulu afunika tulo ta maora 7 kapena kuposa. Udzudzu wa malungo uluma makamaka usiku, cotero neti igwira nchito ziwiri: itseka malungo, ndiponso ipatsa tulo tosadukiza. Nzacisoni kuona neti yocinga dimba kapena yophera nsomba pamene eni ace agona poyera. Thupi likatentha, musadikire kuti muthe kupalira ndime yotsala. Pitani tsiku lomwelo akayeze magazi, ndipo akakupatsani Coartem imwani kawiri pa tsiku masiku onse 3, ngakhale mwayamba kupeza bwino tsiku laciwiri. Malungo akakana kutha ngakhale mwamwa mankhwala, uzani a cipatala ngati munayenda m'chire la kashembe, pakuti kaodzera ayamba ngati malungo, ndipo acizika akapezedwa msanga.

Ena ati kacasu ndiye acotsa kutopa. Kacasu agonetsa munthu ngati mtembo, koma sampumitsa. Auka m'mawa ali wouma kukhosi ndi wofoka, ndipo dzuwa la tsikulo limpweteka kawiri. Ndalama ya feteleza nayo ithera momwemo.

Katundu wosaoneka

Tsono ndinene za cimene sitikonda kunena. Pali kutopa kwina kumene sikutha ndi tulo. Mlimi agona usiku ali kuwerenga ngongole ya thonje, ndalama ya mbeu, ana ofuna zobvala za kusukulu, ndi mitambo imene ikana kubwera. Mu 2024 tinaona zimenezi ndi maso. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka, pakuti cimanga ca pa mahekitala pafupi 1 miliyoni cinapserera. Anthu anawerenga matumba amene anatayika, koma palibe anawerenga usiku umene atate ndi amai anagona maso ali gwa.

Nkhawa ikakhalitsa isanduka nthenda, monga cilonda cosatsukidwa. Zizindikilo zace ndi izi: munthu asowa tulo kapena auka pakati pa usiku, cakudya sicimkomera, aleka kuceza, akwiya ndi kanthu kocepa, ayamba kumwa koposa kale, anena kuti moyo wace ulibenso nchito. Zikapitirira masabata 2, si ulesi, si ufiti, ndipo si cilango. Ndi nthenda imene icizika, ndipo poyambira pace ndi pa cipatala comwe ca malungo. Asaope kuti adzamtumiza ku Chainama ngati wamisala. Ambiri athandizidwa ali kwao, ali kulima minda yao.

Tiri ndi mau akuti mwamuna salira. Mau amenewa aika amuna ambiri m'manda. Makolo anali ndi malo otulirako katundu wa mumtima: amuna pamphala ndi pa nsolo, akazi pamtondo, kumene nyimbo za posinja zinanena poyera zimene mkazi sakanatha kunena m'nyumba. Lero cigayo catenga nchito ya mtondo, ndipo ndi bwino kuti catero, pakuti capulumutsa misana ya amai; koma maceza aja asafe pamodzi ndi munsi. Mlimi ali yense akhale ndi munthu mmodzi womuuza zoona za ngongole zace: mkazi wace, malume, mkulu wa mpingo, kapena bwenzi la pamtima. Mutu umodzi susenza denga.

Pamenepa pali cinthu ca m'manja cimene nyumba iri yonse ingacite lero. Mankhwala opopera thonje, ndi ophera mbozi zija zinafika m'cimanga cathu mu 2016, alowa m'nyumba zambiri. A WHO apeza kuti mwa anthu 5 odzipha pa dziko lonse, pafupi mmodzi amwa mankhwala otere. Kawiri kawiri maganizo amenewo adza mwadzidzidzi, pa mkangano kapena pa mowa, ndipo apita ngati munthuyo sanapeze botolo pafupi. Cotero mankhwala asakhale kunsi kwa bedi kapena patsindwi. Akhale m'bokosi lokhoma, kunja kwa nyumba yogona. Gulani okwanira nchito yokha, osasunga otsala. Mnzanu akanena mau otsazika, musamseke ndipo musamsiye yekha: khalani naye, cotsani mankhwalawo, mperekezeni kucipatala.

Kwa inu amuna

Wina adzati, Mau awa ngabwino, koma ndikapuma ine adzapalira ndani? Funso ili nloona, ndipo sindilipeputsa. Koma kuyankha kwace sikuli pa kudzipha ndi nchito. Kuli pa kugawa nchito. Amai aweruka kumunda pamodzi ndi inu, koma inu mukakhala pansi iwo ayamba tsiku laciwiri: kutunga madzi, kutola nkhuni, kuthyola ndiwo, kuphika, kusambitsa ana. Agona potsiriza nauka poyamba, nthawi zina ali ndi pakati. Njinga imene ipita nanu kumsika ingathenso kutenga zigubu kumjigo ndi thumba kucigayo. Mwamuna wocita zimenezi sanadyetsedwe mankhwala, monga anena onyoza; wangowerenga bwino kuti amai akagona pamphasa, munda ndi nyumba ziima pamodzi.

Ndiponso dima wa makolo asaiwalike: mabanja 4 kapena 5 opalira pamodzi, lero munda uwu, mawa uwo, atha msanga ndipo aseka ali kugwira. Thobwa likwanira pa dima. Sikufunika mowa woledzeretsa. Ndipo munda ulingane ndi manja amene alipo. Ekala imodzi yopaliridwa pa nthawi yace iposa maekala 3 amene udzu wagawana ndi mwini wace.

Potsiriza, tsiku limodzi pa sabata likhale lopuma ndithu, khasu liri pakhoma, ngakhale m'kati mwa dzinja. Mafumu ndi akulu a mipingo athandize pa ici, pakuleka kucita manyazi munthu amene akhala pamthunzi masana, ndi pakufunsa za iye amene waleka kuoneka pabwalo. Mvula idzabweranso caka ca mawa, ndipo idzafuna kupeza mlimi ali wamoyo ndi wamphamvu.