Za nthenda imene ilibe bala

Aliyense amene adakulira m'maboma a Balaka ndi Machinga, kuyambira ku Utale ndi ku Ulongwe mpaka kutsidya kwa Shire ku Ntaja ndi ku Nayuchi, adziwa kuti kuno ulemu wa munthu uli pa khasu, ndi kuti wogona dzuwa litatuluka, anzake atapita kukapalira thonje kapena kukaoka mpunga m'madambo a Chilwa, sapeza womumvera chisoni pokhapokha ataonetsa bala, chifuwa kapena thupi lotentha. Tsono ilipo nthenda imene ilibe bala, imene madokotala amaitcha myalgic encephalomyelitis, mwachidule ME, ena nati chronic fatigue syndrome. Ndipo dzina lachiwirili, lonena za kutopa, ndilo lazunzitsa odwala, pakuti ndani mwa ife satopa?

Koma kutopa kwake si kwa mlimi, kumene kumatha ndi nsima ndi tulo. Kawirikawiri nthendayi imadza m'mbuyo mwa matenda ena a tizilombo, ndipo chizindikiro chake chachikulu nchakuti munthu akagwira kantchito kochepa, monga kutunga ndowa imodzi pamjigo, mawa lake kapena mkuja amafooka mosaneneka, nagona masiku angapo, mutu wosokonekera, mafupa akuphwanya, tulo tosatsitsimula, chizungulire chikumugwira akangoimirira. Zimenezi kwa miyezi, ngakhale zaka. Imagwira akazi koposa amuna.

Taganizirani mayi wotere atakwezedwa pa kabaza kupita kuchipatala. Amuyeza malungo, magazi, shuga, HIV ndi makhololo, ndipo ayenera kutero ndithu, popeza kwathu kuno kufooka kwambiri kumachokera ku malungo, likodzo, kuchepa kwa magazi ndi njala yeniyeni. Zonse zikapezeka bwino, abwerera ndi panado m'kansalu, pakuti palibe kuyeza magazi, ngakhale ku London, kumene kumaonetsa nthendayi. Pofika kumudzi mlandu wagamulidwa kale: apongozi ati ulesi, ena ati walodzedwa, ena akumbukira tsempho, ndipo mbuzi imene ikadalipira fizi ya mwana ithera kwa sing'anga. Abwenzi a Yobu sadafe. Akali pakhonde lililonse, kufunafuna tchimo la wodwala.

Tisayese kuti kusakhulupirira kumeneku nkwa anthu osaphunzira okha. M'chaka cha 1955 antchito pafupifupi 300 a chipatala cha Royal Free ku London adadwala nthenda yotere, ndipo ngakhale bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidailemba m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha mu 1969, chaka chotsatira madokotala awiri a zamisala adalemba kuti anthu aja adangopatsirana mantha. Mawu amenewo adakhala mwala pakhomo la manda kwa zaka makumi ambiri. Mu 2011 kafukufuku wamkulu wotchedwa PACE adanena kuti odwala amapeza bwino akamaonjezera masewera olimbitsa thupi pang'onopang'ono, pamene eni matupi ankadandaula kuti njirayo ikuwapweteka. Amene adakankha mwalawo sadali pulofesa ayi, koma wodwala wa ku Australia, Alem Matthees, amene adaumirira mwa lamulo kuti ziwerengero za kafukufukuyo ziululidwe, napambana mu 2016. Ndipo anthu atazipendanso adapeza kuti ochira adali ochepa kwambiri kusiyana ndi mmene kudalengezedwera. Mu Okutobala 2021 bungwe la NICE, lolangiza zipatala za ku England, lidachotsa njira ija m'malangizo ake. Akulu adanenetsa kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ife Amalawi phunziro limeneli si lachilendo. Pamene Edzi inkatchulidwa monong'ona, anthu okhala ndi kachilombo ndiwo adakhazikitsa bungwe la NAPHAM mu 1993, naima pamaso pa anthu kunena chimene ena ankaopa. Ndipo pamene ma ARV aulere adayamba mu 2004, njira idali italambulidwa ndi iwo. Kusiyana kwake nkwakuti wodwala ME alibe mphamvu yoyenda ndawala kapena kukhala pamsonkhano tsiku lathunthu. Nchifukwa chake anzathu akunja, kuyambira 2016, amandandalika nsapato zopanda eni m'mabwalo a mizinda, kuti zilankhule m'malo mwa ogona m'nyumba. Kuno ntchito imeneyo igwere abale, amvano, masheikh ndi abusa, ndiponso alangizi a zaumoyo amene amalowa khomo ndi khomo.

Wina adzati: dziko limene ana akufabe ndi malungo lingatayirenji nthawi pa nthenda yopanda mankhwala? Funsoli nlolemera, ndipo sindilipeputsa. Koma Covid-19, imene idalowa m'dziko muno mu Epulo 2020, yasiya m'maiko ambiri anthu osabwerera mwakale, ena mwa iwo ndi zizindikiro zomwezi, ndipo palibe chifukwa choganizira kuti matupi a ku Nsanama ndi ku Phalula adaumbidwa ndi dothi lina. Akatswiri athu a ku Kamuzu University of Health Sciences, amene adziwa kale kutsata odwala malungo m'midzi, angathe kuwerenganso awa, kuti tidziwe kuti alipo angati ndi chimene chidayambitsa kufooka kwao. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chimene chingachitike lero sichilira ndalama zambiri. Achipatala a ku Liwonde ndi ku Balaka aphunzitsidwe kufunsa funso limodzi loti, “Mukagwira ntchito, mawa lake mumadzuka bwanji?” Akatsimikiza kuti matenda ena palibe, alembe dzina la nthendayi m'kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, namlangiza kugawa mphamvu zake monga mayi wanzeru agawira ufa m'mwezi wa Febuluwale, kupuma asanagwe, osadzikakamiza. Aitanenso mwamuna wake ndi apongozi, awafotokozere pamaso, kuti mayi uja akafika kwao akhale ndi chotulutsa m'chikwama pamene afunsidwa chifukwa chake khasu lake lachita dzimbiri.