Manyazi sakhutitsa: lekani kuseka kontena ya mnzanu

Pa holide yapitayi ndinkathandiza kuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kwathu kwa Ndamera. Tsiku lina masana, mayi wina amene waphunzitsa pamenepo zaka zambiri anatulutsa kontena m'chikwama. Munali futali. Mphunzitsi wina wachinyamata, wa taye yake pakhosi, anati: "Madamu, mwatibweretsera mkute?" Anthu anaseka. Nanenso ndinaseka, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Kuyambira tsiku limenelo mayi aja ankakadyera kuseri kwa kalasi ngati aba chakudyacho. Mwezi usanathe, wa taye uja anapita kwa mayi omwewo, mawu ali pansipansi, kukapempha ngongole ya sopo.

Ndikulemba izi chifukwa kuseka kumeneku ndi matenda, ndipo ife amene tapitako kusukulu ndi amene tikuwafalitsa. Tadzinamiza kuti munthu wa pa ntchito amaoneka ndi chiwaya ndi botolo la Fanta, ndipo kunyamula chakudya cha kunyumba ndi chizindikiro choti zinthu zakuvuta. Ine ndikuti ayi. Wonyamula kontena ndi amene amadziwa masamu.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mwezi uli ndi masiku ogwira ntchito pafupifupi 22. Tiyerekeze kuti mbale ya tchipisi ndi chakumwa zikukudyerani K3,000 patsiku. Pakutha pa mwezi ndi K66,000. Ikani mtengo weniweni wa pamsika panu, muone nokha. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo malipiro amathanso chimodzimodzi, pang'onopang'ono, mpaka pa 15 munthu ali pakhomo la wa katapila. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta ophikira, shuga ndi ufa wa tirigu zinakwera. Kodi malipiro anu anathamanga liwiro lomwelo? Ngati ayi, n'chifukwa chiyani mukudya ngati palibe chinachitika?

Chopweteka n'chakuti chakudya chodulachi sichikhalitsa n'komwe m'mimba. Mandasi awiri ndi chakumwa cha shuga zimakunyamula ola limodzi kenako n'kukutaya. Pofika 2 koloko mutu uli waa, choko chikulemera m'manja. Pamene mbatata yophika ndi nsinjiro, kapena khobwe, zimagayika pang'onopang'ono, ndipo munthu amafika madzulo ali ndi mphamvu. Agogo athu ankadziwa zimenezi asanamve za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa lero. Munthu wopita kudimba kutsidya kapena wa ulendo wautali sankachoka pakhomo wopanda kamba. Mawu akuti kamba alipo m'chilankhulo chathu chifukwa mwambowo unalipo. Si ife oyamba kugwira ntchito kutali ndi mafuwa.

Ndikudziwa zimene ena munene. Choyamba: "Kuno n'kotentha, chakudya chimasasa." N'zoona. Ku Nsanje mu October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mpunga ndi nyemba zamsuzi zotsekeredwa m'kontena kuyambira 5 koloko m'mawa zikhoza kukudwalitsani. Malangizo amene timawaona pa Facebook ndi pa TikTok, a kuphika chakudya cha sabata yonse Lamlungu n'kuika m'firiji, analembedwera anthu a magetsi osazima ndi ofesi za microwave. Kwa Ndamera satithandiza. Koma yankho si kutaya kontena. Yankho n'kudziwa choikamo.

Nyamulani zouma ndi zimene zili ndi chikopa chake. Mbatata yophika kapena yootcha yosasenda imafika masana ili bwino, ndipo ikakhala yofiira mkati, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni, ikupatsaninso vitamini A. Mtedza wokazinga sufuna firiji. Dzira lophika lisiyeni m'chikamba chake mpaka nthawi yodya. Usipa kapena kansomba kouma mukazinge kaume gwaa, kopanda msuzi wa tomato. Chigumu cha mgaiwa ndi nthochi nachonso chimapirira. Thobwa la mapira kapena la mchewere, mbewu zimene chigwa chathu chimalima kuyambira kale chifukwa zimapirira dzuwa, ndi chakudya ndi chakumwa pamodzi. Pa nyengo yake, masawu, malambe ndi mango zili pompano. Ngati mukufuna futali kapena khobwe, phikani m'mawa womwewo, osati dzulo, muike pamthunzi, ndipo mudye dzuwa lisanapendeke. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira klorini. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje inali m'gulu la maboma oyambirira kukhudzidwa. Kontena yanu mukudziwa amene waitsuka ndi madzi amene watsukira. Mbale ya pamsika mukudziwa?

Chachiwiri: "Aphike ndani m'mamawa wonsewo?" Funso limeneli limandipsetsa mtima chifukwa limabisa yankho lake. Amene amafunsa amaganiza kale kuti ndi mkazi kapena mwana wamkazi amene adzuke 4 koloko kukoleza mbaula. Ngati kunyamula kamba kukhale katundu winanso pamsana pa amayi athu, ndiye kuti sitinakonze kanthu. Bambo, kukazinga mtedza wa sabata yonse ndi ntchito ya theka la ola Loweruka madzulo. Kuika mbatata pamoto uku mukusamba sikufuna satifiketi. Mwamuna amene amatha kupalasa kabaza kuchoka ku Marka mpaka ku Boma, atanyamula munthu ndi thumba, sangalephere kuphika dzira.

Chachitatu ndi chimene chili ndi nzeru: "Nanga amayi ogulitsa pamsika adya chiyani?" Sindikunena kuti tisiye kugula. Ndalama imene simunawononge pa chakumwa cha m'botolo chochokera ku Blantyre ndi yomweyo mugulire mulu wa mbatata, mbale ya mtedza ndi nsomba kwa alimi ndi asodzi a kwathu konkuno. Ndalamayo izungulira m'mudzi. Ndipo tsiku limene mwagula chiwaya chifukwa mwachilakalaka, idyani mosangalala. Chimene ndikulimbana nacho ndi kugula chifukwa choopa maso a anthu.

Pali chinanso chimene sitiyenera kuiwala. Dera lino laona madzi osefukira a January 2015, namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023. Minda ikakokoloka, anthu a ku Nsanje amalowa m'madambo a Shire kukazula nyika, uku akudziwa kuti m'madzimo muli ng'ona. Alipo ana m'makalasi athu amene amabwera osadya kalikonse, ndipo amayang'ana chimene aphunzitsi awo akudya ndi chimene akuseka. Mukaseka futali pamaso pa mwana amene kwawo futaliyo ndi phwando, mwamuphunzitsa chiyani? Mwamuuza kuti chakudya cha amayi ake n'chonyozeka, ndipo akadzakula adzachite nacho manyazi. Phunziro limenelo limalowa msanga kuposa masamu.

Kuno ku koleji timakonda kukambirana za maganizo a utsamunda, za mmene tinaphunzitsidwira kunyoza zathu. Timalemba mapepala aatali, timatchula mayina a anthu ophunzira. Kenako timatuluka m'kalasi n'kukabisa chigumu chimene amayi atitumizira, kuopa anzathu a m'tauni. Anzanga, nkhani imeneyi siili m'mabuku mokha. Ili m'chikwama chanu.

Sabata yanga yomaliza pa sukulu ija ndinanyamula mbatata ziwiri, mtedza m'kapepala ndi botolo la thobwa. Ndinapita kuseri kwa kalasi kumene mayi aja ankadyera, ndinawapepesa, n'kuwapempha kuti tikadyere mu ofesi, patebulo, pamaso pa onse. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anati: "Mwana wanga, ine sindinkathawa manyazi. Ndinkathawa opemphetsa." Tinaseka mpaka misozi. Tsiku lotsatira wa taye uja anafunsa ngati mtedza watsalako.