Kamera ya malume ifuna lamba, osati zokongoletsa

Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu a ku Maravia amene anathawira nkhondo ku Zambia anayamba kubwerera kwawo pang'onopang'ono, ambiri kuchokera ku Ukwimi, m'dera la Petauke. Ena anasenza mapoto, ena makasu ndi mbewu, koma bambo wina wa ku Chiputo anafika ndi kamera ya Zorki-4K itakulungidwa m'chitenje. Kamera imeneyo ndiyo inamulelera ana, chifukwa masiku amenewo aliyense wofuna chithunzi cha chitupa, cha ubatizo kapena cha ukwati ankatumiza mwana kukamuitana.

Lero bamboyo wakalamba ndipo kamera ija waipereka kwa mwana wa mlongo wake. Mnyamatayu amajambula kale anthu ndi foni, koma waona pa Facebook kuti achinyamata a m'mizinda ikuluikulu ayambanso kukonda makamera akale a filimu, ndi kuti amawaveka zinthu zosiyanasiyana: kabatani kofiira, kachitsulo kogwirira chala chachikulu ndi chikopa chonyezimira. Tsono anapita kwa malume ake ndi foni m'manja kukawaonetsa zimene wasankha kuitanitsa.

"Malume, izi mukuziona bwanji? Ndikazigula zonsezi kamera yanu idzaoneka ngati yatsopano."

"Mphwanga, khala pansi," anatero mkuluyo. "Kamera siyenda pa ukwati kukaonedwa. Imapita kukaona."

Apo ndi pamene anamufotokozera zimene zinamugwera chaka chake choyamba pa ntchitoyi. Anaitanidwa ku ukwati wa m'mudzi woyandikana nawo, najambula tsiku lonse mpaka filimu ya zithunzi 36 inatha. Ataitumiza kutawuni kukatsukitsa, inabwerako yopanda munthu ndi mmodzi yemwe, chifukwa anajambula chivundikiro chili pa diso la kamera. Ndalama anabweza, nkhuku anapepesa nayo kwa ankhoswe, koma ukwati sakanaubwereza, ndipo agogo a mkwatibwi amene anayenda mtunda wautali kudzavina tsikulo anamwalira banjalo lilibe chithunzi chawo.

Tsoka lotere limachokera m'kapangidwe ka kamerayi, imene eni ake amaitcha rangefinder. Wojambula sayang'anira m'diso lalikulu lojambulira, koma pa kawindo kapadera ka pamwamba. Pakati pa kawindoko munthu mmodzi amaoneka ngati awiri, ndipo wojambula amapotokola diso mpaka awiriwo atalowana kukhala mmodzi; pamenepo chithunzi chidzatuluka chooneka bwino. Koma popeza kawindo ndi diso n'zosiyana, munthu amaona zonse bwinobwino ngakhale diso lili lotseka. Zorki, FED, Yashica Electro 35, Canonet ndi Leica yodula ija, zonsezi n'za fuko limodzi pa nkhani imeneyi.

N'chifukwa chake chinthu choyamba pa mndandanda wa malume sichigulidwa ndi ndalama zambiri. Ndi kachingwe komangirira chivundikiro ku kamera, kuti wojambula azichiona chikulendewera asanadine. Kutaya chivundikirocho si nzeru ayi, pakuti chotchinga cha m'kati mwa Zorki n'cha nsalu, ndipo kamera ikasiyidwa pa mphasa diso litapenya dzuwa la mu Okutobala, galasi limasonkhanitsa kuwala ndi kuboola nsaluyo monga momwe ana amayatsira pepala ndi galasi.

Chachiwiri ndi lamba. Zorki-4K, imene inkapangidwa ku Krasnogorsk pafupi ndi Moscow kuyambira 1972 mpaka 1978, ilibe timphete tokolekapo lamba m'mbali mwake. Imadalira thumba lake lachikopa limene limamangidwa ndi wononga ya pansi, ndipo lamba amasokeredwa pa thumbalo. Chikopa cha zaka makumi asanu chimaoneka cholimba koma chimaduka mosachenjeza, choncho n'kofunika kupita nalo kwa wosoka nsapato kuti asokepo lamba watsopano. Lambayo akhale wotambalala ngati zala ziwiri kapena zitatu, chifukwa wopyapyala amadula khosi thukuta likachuluka, ndipo akhale wautali woti adutse paphewa mpaka m'chiuno. Wogula thumba lina ayeze wononga yake asanalipire, poti mabowo a pansi pa makamera alipo a mitundu iwiri, laling'ono ndi lalikulu, ndipo kukakamiza kumadya mazinga.

Chachitatu ndi kachipewa kotchinga dzuwa pa diso la kamera. Kamathandiza kuti nkhope zisatuluke zotuwa pojambula masana, komanso kamera ikagunda chitseko ndiko kamayamba kupindika galasi n'kupulumuka. Diso la Jupiter-8 limene limabwera ndi Zorki zambiri limalandira kachipewa ka mamilimita 40.5, pamene Yashica Electro 35 imafuna ka 55. Pa makamera awa kachipewa kakakula kamaphimba ngodya ya kawindo koyang'anira, motero kabwino ndi kaja kokhala ndi mipata m'mbali.

Chachinayi ndi chikwama cha paulendo. Misewu yochokera ku Chiputo kupita ku Fingoe kapena kulowera kumalire a Zambia imadziwika ndi fumbi ndi mabampu. Kamera yomangidwa pa keriyala ya njinga kapena ya njinga yamoto imagwedezeka mpaka tigalasi ta m'kati tosonyeza anthu awiri aja timasuntha, ndipo kuchokera apo wojambula amaona ngati walunjika bwino koma zithunzi n'kumatuluka zachimbuuzi. Malo a kamera ndi pathupi la mwini wake, m'chikwama choyalamo nsalu yofewa. Nthawi ya mvula thumba lachikopa limasunga chinyezi ndipo galasi limachita chuku, choncho kunyumba kamera izituluka m'thumbamo n'kukhala pouma, pamodzi ndi timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano.

Nanga zimene mnyamata anasankha pa foni? Malume sanazikane zonse. Kabatani kowonjezera pamwamba pa podinira kamathandizadi wa zala zikuluzikulu kudina mofatsa osagwedeza kamera, koma kamamasuka n'kugwera mumchenga, ndiponso kamadinika kokha m'chikwama n'kuwononga chithunzi pa filimu imene masiku ano njosowa ndi yokwera mtengo. Kachitsulo ka chala chachikulu kamalimbitsa dzanja, koma kamakhala pamalo pomwe pamalowa fulashi, ndipo wojambula m'tchalitchi chamdima kapena pa phwando la usiku adzayenera kusankha chimodzi. Chikopa chonyezimira ndiye chikomekome cha mkuyu ngati chilibe poika lamba.

Pali tinthu tina timene mkuluyo anawonjezera mnyamata asanafunse. Mkombero wachitsulo wa kawindo umakanda magalasi a maso, ndiye wovala magalasi amatepo kalabala kodulidwa ku chubu cha njinga. Wa maso ofooka asathamangire kugula galasi lowonjezera, chifukwa Zorki-4K ili kale ndi kachitsulo kake pamwamba kosunthira kuti kawindo kagwirizane ndi maso a munthu. Kamerayi sidya batire, koma amene wasungira Yashica Electro 35 adziwe kuti batire yake yakale inaleka kupangidwa, ndipo imafuna kachipangizo kokwanitsira batire ya masiku ano. Ndipo lamulo limene silisowa khobidi: pa Zorki munthu ayambe wakoka filimu, kenaka asinthe nambala ya liwiro, apo ayi makina a m'kati amathyoka, ndipo mmisiri wodziwa kuwakonza sapezeka pafupi.

Malangizo amenewa sakuthera pa makamera akale okha. Wojambula ndi foni kapena kamera ya makono pa msika ndi pa sukulu nayenso afunse kaye ngati chimene akufuna kugulacho chiteteza chida chake kuti chisagwe, chisapse ndi dzuwa ndipo chisalowe fumbi. Chikalephera mafunso amenewa, ndalamayo ili ndi ntchito ina pakhomo.

Mnyamata uja anaika foni m'thumba, nanyamuka ndi thumba lachikopa kupita kwa wosoka nsapato. Asanafike patali malume anamuitananso.

"Mphwanga, ukabwerako uyambe kujambula ine ndi mayi ako pano pakhonde. Ukalakwitsa, ife tidzakhalanso pansi mawa. Mkwatibwi sadzatero."