Kutsika Panjinga Si Mantha

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi, ine ndi anzanga awiri tidapangana zopita panjinga ku Nzama, kumene ansembe a chipani cha Montfort adafikira m'chaka cha 1901. Kwathu ndi kufupi ndi Kasinje, m'chigwa cha Bwanje, pamene Nzama ali kumtunda, kufupi ndi malire a Mozambique. Ulendo wotere sangoudzukira ayi. Tsono tidati tiyambe tazoloweretsa miyendo pokwera zitunda zolowera ku boma la Ntcheu ndi kubwerako tsiku lomwelo. Zomwe zidandionekera tsiku limenelo ndizo zandigwiritsa cholembera.

Tidanyamuka cha m'ma 9 koloko, dzuwa litakwera kale. Mvula idali itadula kwa masiku angapo, ndipo m'chigwa mudali chifundizi chosaneneka. Tonse atatu tidatenga botolo limodzi la madzi. Choipitsitsa chidali chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene adafuna kukhala woyamba kutsika panjinga. Aliyense ankaopa kudzasekedwa sukulu ikatsegulidwa.

Dzuwa likuswa mtengo, tili pakati pa chitunda chachitali, katumba wa mwendo wanga wamanja adangoti gwa ngati mwala, zala zakuphazi n'kupindika zokha. Ndidagwera m'mbali mwa msewu, njinga pamwamba panga. Mutu unkawawa, maso akuchita chidima. Mwayi wake, pansi pa mtengo wa mango padakhala bambo wina amene amachokera kokagulitsa chimanga. Adandikokera pamthunzi, naongola mwendo uja, n'kumakankhira zala kumtunda pang'onopang'ono mpaka katumba adamasuka. Adandithira madzi kumutu ndi m'khosi, nandipatsa thobwa la m'chigubu chawo.

"Anyamata inu, mukuthamangira chiyani?" adatifunsa. "Ine phiri limeneli ndimakwera tambala akangolira, ndipo pena ndimachita kukankha. Kodi njingayi ikakunenezani kwa yani?"

Tidaseka, koma mau amenewa adandilasa. Maganizo anga ndi akuti ife anyamata timasokoneza kupirira ndi liuma. Kupirira ndi khalidwe labwino, ndipo pano timaphunzitsidwa tsiku ndi tsiku. Koma kukana kumwa madzi, kukana kupuma, ndi kubisa chizungulire poopa anzako, kumeneko si kupirira. Ndi kunyada chabe.

Taonani m'mene thupi limagwirira ntchito. Munthu akamapalasa njinga pachitunda, minofu imatulutsa kutentha kwambiri. Thupi limadziziziritsa ndi thukuta, ndipo thukutalo limathandiza pokhapokha likamauma pakhungu. Nthawi ya dzinja mpweya umakhala wachinyezi, choncho thukuta limangoyenderera osauma. Onjezani apo kuti pokwera phiri njinga imayenda pang'onopang'ono, kamphepo kamene timamva pamtsetse kulibe. Pa ntchito yotere munthu angathe kutaya lita imodzi ya thukuta pa ola limodzi, mwinanso kuposa, ndipo m'thukutamo mumapita mchere. Ife tidali ndi botolo limodzi anthu atatu!

Nanga kukokana kwa minofu kumadza bwanji? Kale ambiri ankati n'kuchepa kwa madzi ndi mchere basi. Masiku ano akatswiri amatinso kutopa kwa mnofu umene wagwiritsidwa ntchito kuposa m'mene udazolowerera kuli ndi mbali yaikulu. N'chifukwa chake mankhwala ofulumira ndi omwe aja adachita bambo wa chimanga: kuima, kuongola mwendo, ndi kuukoka mnofuwo modekha mpaka utamasuka. Kukokana pakokha sikupha, koma ndi belu lochenjeza. Choopsa ndi pamene thupi latentha kupitirira madigiri 40, munthu n'kuyamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka. Zikatero si nkhani yodikira: muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mthireni madzi thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo athamangire naye kuchipatala. Wokomoka sitimumwetsa kanthu.

Wina anena kuti, "Nanga mphamvu zidzabwera bwanji ngati munthu atsika paliponse pamene wamva kuwawa?" Funso limeneli ndi lomveka, ndipo sindikuti tizithawa zitunda. Minofu imakula ikavutikako. Koma imakula ndi katundu woonjezera pang'onopang'ono, osati wa tsiku limodzi. Ngakhale kuzolowera kutentha kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Ife amene timatha miyezi itatu titakhala pabenchi m'kalasi sitingafanane ndi wakabaza amene amapalasa tsiku lililonse. Pali kusiyananso pakati pa kuwawa kwa ntchafu zotopa ndi mutu wozungulira. Koyambako ungathe kukupirira. Kwachiwiriko ukakupirira ukusewera ndi moyo.

Amene akuganiza kuti izi zimagwera ofooka okha amve za Tom Simpson. Iyeyu adali katswiri wa njinga wa ku Britain, amene adapambana mpikisano wa dziko lonse m'chaka cha 1965. Pa 13 July 1967, pa mpikisano wa Tour de France, adakwera phiri la Mont Ventoux kukutentha koopsa. Adagwa, nakweranso njinga, n'kugwanso kachiwiri pafupi ndi nsonga ya phirilo, ndipo adamwalira tsiku lomwelo ali ndi zaka 29. M'thupi mwake adapezamo mankhwala opatsa mphamvu ndi mowa, zinthu zimene zimagonthetsa munthu kuti asamve thupi lake likamati "basi". Kwa ife chogonthetsa chathu ndi manyazi.

Tsono amene mukufuna kukwera mapiri athu a Ntcheu panjinga, nyamukani m'bandakucha, kuti pofika 10 koloko zitunda zazikulu zikhale zili kumbuyo. Idyani musananyamuke. Aliyense atenge madzi ake, ndipo muzimwa pang'ono pafupipafupi, osati kugugudiza chigubu chonse kamodzi. Ulendo ukakhala wautali, sungunulani paketi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi abwino. Ikasowa, thirani masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi. Nthochi ndi thobwa n'zothandizanso. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, dziwani kuti madzi akuperewera. Ndipo musamusiye mnzanu yekha kumbuyo.

Kwa inu makolo athu, abambo ansembe ndi aphunzitsi, pempho langa ndi ili: nkhaniyi si ya njinga yokha. Imapezekanso pabwalo la mpira ndi pa ntchito yamanja m'miyezi ya October ndi November. Mwana akati mutu ukuzungulira, musafulumire kunena kuti ndi ulesi. Alipo ndithu ena ochenjeretsa, koma kuli bwino kunamizidwa ndi waulesi mmodzi kusiyana ndi kunyamula mwana wa eni atakomoka. Nafenso ophunzira tisiye kuseka mnzathu wopempha madzi, pakuti kuseka kwathuko ndiko kumamuchititsa kubisa.

Ku Nzama tidapita ndithu, patatha masiku khumi. Tidanyamuka kusanache, aliyense ndi mabotolo ake awiri pakaliyala. Zitunda zitatu tidachita kukankha, ndipo woyamba kutsika ndidali ine. Pamene tinkayandikira kumtunda, kamphepo kozizira kadatilandira, miyendo ili yotopa koma yomvera. Akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga si kufika.