Woyendera nyumba asadyere m'thumba mwa womanga

Achinyamata anzathu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri, tamvani izi.

Ambirife timagona m'nyumba za lendi. Funsani alandilodi anu: ndani anabwera kudzaona maziko nyumbayo isanakwere? Yankho mukulidziwa kale. Palibe. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 limafuna kuti womanga mumzinda ayambe wapeza chilolezo, ndipo kuno mapulani amapita ku khonsolo ya mzinda wa Blantyre. Koma kwathu kuno nyumba za zidina zimangomera m'mphepete mwa phiri ndi m'mbali mwa mtsinje wa Nasolo popanda wofunsa. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche, tinaika m'manda abale athu a ku Chilobwe ndi Manja. Sitinaiwale.

Pali ena amati mankhwala ake ndi kulola makampani omwe si aboma kuti azivomereza mapulani ndi kuyendera nyumba, zinthu zizithamanga. Zomveka ndithu, nafenso kudikira kunatikwana. Koma walira mvula walira matope.

Dziko la Turkey linayesa zimenezi kuyambira 2001. Kwa zaka zambiri womanga ankadzisankhira yekha kampani yomuyendera, n'kumailipiranso yekha. Lamuloli analikonza mu 2019, nyumba zambirimbiri zitamangidwa kale. Chivomezi cha pa 6 February 2023 chinapha anthu oposa 50,000. Munthu angakanize bwanji nyumba ya amene akumudyetsa? Nanga kuno, komwe "ya fanta" imatsegula zitseko, zingathe bwanji?

Ife sitikukana kuti oyendera achuluke, ngakhale ochokera kunja kwa boma. Koma aphungu ndi makhansala amve izi:

1. Woyendera azisankhidwa ndi khonsolo, osati ndi womanga.
2. Chidindo chomaliza chikhalebe cha khonsolo. Nyumba ikagwa tidziwe pokafunsa.
3. Dzina la woyendera lizilembedwa poyera pamalo omangapo, ndipo akanama ayankhe kukhoti.
4. Khonsolo ipereke ulere mapulani a nyumba zing'onozing'ono, mayi wogulitsa tomato ku msika wa Ndirande naye amange mwalamulo.
5. Musanathamangitse anthu m'mapiri, apatseni malo ena.

Mvula ikubweranso, ndipo khoma likamagwa usiku limapsinja wa lendi, osati wosayina pepala. Pitani kwa khansala wa dera lanu sabata ino, mukamufunse kuti oyendera nyumba anafika liti kwanuko. Yankho lake mutitumizire.

Tumizani uthengawu m'magulu onse.