Ulendo wa Mphindi Ziwiri Usatiseketse

Kumpoto kwa dziko la Scotland kuli gulu la zilumba lotchedwa Orkney. Ziwiri mwa zilumbazi, Westray ndi Papa Westray, chilichonse chili ndi bwalo lake la ndege, ndipo pakati pa mabwalo awiriwa pali mtunda wa makilomita 2.7 okha. Ndege ya kampani ya Loganair imauluka mtundawu m'mphindi zosakwana ziwiri. Woyendetsa ndege wina, Stuart Linklater, anaulukapo m'masekondi 53 basi.

Ambiri akamva zimenezi amaseka. Amati kumeneku n'kuwononga mafuta ndi ndalama, popeza pakati pa zilumbazi pamayendanso boti, ndipo pa Papa Westray pamakhala anthu pafupifupi 90 okha. Dandaulo lawo ndi lomveka. Kandegeko, ka mtundu wa Britten-Norman Islander, kamanyamula anthu 8, ndipo ulendowu umadalira thandizo la ndalama za boma.

Ife tikuona kuti oseka akuyeza ulendowu molakwika. Mphindi ziwirizo ndi gawo chabe la ulendo wautali. Ndegeyo imachokera ku Kirkwall, tawuni yaikulu ya ku Orkney komwe kuli chipatala chachikulu, n'kutera pa zilumba ziwirizi, kenako n'kubwerera. Choncho ndege imodzi imatumikira anthu a zilumba zonse ziwiri. Wodwala wa pa Papa Westray amafika kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi kapena namwino amatha kukagwira ntchito pachilumbapo n'kubwerera kwawo. Maulendo a ndege za Loganair pakati pa zilumba za Orkney anayamba mu 1967, ndipo mpaka lero akuyendabe.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi anthu 90 ndi ochepa kwambiri moti n'kuwaiwala? Akuluakulu a ku Orkney anayankha kuti ayi. Anazindikira kuti njira ikavuta, oyamba kusamuka ndi achinyamata, sukulu imatsekedwa, ndipo pachilumba pamatsala nkhalamba zokha.

Nafenso tili ndi zilumba zathu pa Nyanja ya Malawi. Likoma ili ndi bwalo la ndege, koma Chizumulu ilibe. Ngakhale ku Likoma komweko, ndege si ya munthu wamba. Ambiri amadikira Ilala, sitima imene inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951, kapena amakwera maboti. Mwera ukawomba, mayi woyembekezera amene watumizidwa ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu amangoyang'ana mafunde. Pamapu mtundawo ndi waufupi, koma kwa iyeyo ndi wautali ngati wopita kunja kwa dziko.

Sitikunena kuti Malawi agule ndege yoyenda pakati pa Likoma ndi Chizumulu. Thumba lathu silingafanane ndi la Scotland. Chimene tingatengere ndi maganizo awo: kuyamba ndi kufunsa kuti munthu wa pachilumba amatenga maola angati kuti apeze thandizo, kenako n'kufunafuna njira imene tingakwanitse, kaya ndi boti lodalirika la odwala kapena sitima yosunga nthawi.

Ena mwa ife tidzakhala anamwino, aphunzitsi ndi owerengera ndalama za boma. Tsiku lina kalata idzatituma kuchilumba, kapena tidzakhala pa tebulo logawa bajeti. Tsikulo tisadzawerenge mitu ya anthu yokha. Tidzawerengenso maola amene wodwala amadikira padoko.