Lekani Kumunamizira Chaucer

M'dziko muno muli kagulu ka anthu ophunzira kamene kakafuna kutseka pakamwa munthu wolemba m'Chichewa kamathamangira kumanda a ku England kukadzutsa akufa. Mukati muwawerengereko ndakatulo yanu, amayamba ayang'ana kudenga, kenaka n'kukufunsani ngati munamvapo za Chaucer, za Shakespeare, za Milton. Chimene funsoli likutanthauza tonse timachidziwa. Ati zolemba zenizeni zili m'Chingerezi, zathuzi ndi zosangalatsira anthu pa chinkhoswe ndi zodzazira nthawi pa wailesi. Shakespeare ndi Milton ndiwasiya lero. Koma Chaucer yekhayu ndikuti mulekeni akuluakulu, chifukwa mwa akufa onse amene mukanaitana kuti adzakuchitireni umboni, mwasankha mboni imene ikugwetseni pa mlandu.

Tiyambe tamudziwa munthuyo, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Geoffrey Chaucer anabadwira mu mzinda wa London cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1340. Bambo ake, a John Chaucer, anali ogulitsa vinyo. Pofika 1357 anali kamnyamata kotumikira pa nyumba ya mmodzi mwa ana a mfumu. Anapita ku nkhondo ku France, adani n'kumugwira, ndipo mu 1360 Mfumu Edward III inaperekapo mapaundi 16 kuti amasulidwe. Mu 1372 ndi 1373 anatumidwa ku Genoa ndi ku Florence, mu 1378 ku Milan. Kuyambira 1374 mpaka 1386 anali woyang'anira msonkho wa ubweya wa nkhosa ndi zikopa pa doko la London, ndipo lamulo la ntchitoyo linali loti mabuku a msonkho azilemba yekha ndi dzanja lake. Mu 1386 anakhalako phungu wa dera la Kent. Kenaka anayang'anira zomangamanga za mfumu, ndipo ali pa ntchito imeneyi, mu 1390, achifwamba anamulanda ndalama pa msewu. Anamwalira mu 1400.

Mwaonatu. Ameneyu sanali pulofesa wokhala m'chipinda cha mabuku. Anali kalaliki wa pa doko, wowerenga mabelo usana, ndakatulo n'kumalemba akaweruka. Ife a kuno ku Nkhata Bay tikudziwa kuti munthu wa pa jeti sasowa nkhani, ndipo khutu lake limazolowera mayankhulidwe a wina aliyense, wokweza katundu, wozemba msonkho, wakuba ndi wopemphera.

Tsono nkhani yagona pa chiyankhulo. Kuchokera mu 1066, pamene William wa ku Normandy analanda dziko la England, chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'makhoti chinali Chifalansa. Chiyankhulo cha tchalitchi ndi cha maphunziro apamwamba chinali Chilatini. Chingerezi chimenechi mukuchigwadira lerochi chinali cha kumunda, cha kumsika ndi cha kumowa. Mu 1362 anakhazikitsa lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi popeza anthu ambiri Chifalansa samachimva, koma lamulolo analilemba m'Chifalansa chomwecho. Musaseke, inu awerengi. Malamulo athu a dziko lino amati munthu wofuna kukhala phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, chikhalirecho mavoti amakawapempha m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chitonga.

Chaucer Chifalansa ankachidziwa bwino, Chilatini ankachiwerenga, Chitaliyana anachitola. Akanafuna kutamandidwa msanga ndi apamwamba akanalemba m'Chifalansa. Mnzake John Gower anachita mochenjera: buku limodzi lalikulu m'Chifalansa, lina m'Chilatini, lina m'Chingerezi, kuti kulikonse kumene mphepo ingalowere dzina lake lisamire. Chaucer ntchito zake zonse zimene tili nazo anazilemba m'chiyankhulo cha kwawo. Lero Gower amawerengedwa ndi akatswiri owerengeka, ndipo nalonso buku lake limene limakumbukidwa kwambiri ndi la Chingerezi lija. Sikuti Chaucer anali woyamba kapena yekhayo, ayi. William Langland ankalemba Piers Plowman nthawi yomweyo. Koma ndi Chaucer amene anaonetsa kuti chiyankhulo cha kumsika chingathe kusenza chilichonse: chikondi ndi imfa mu Troilus and Criseyde, chisoni cha mwamuna woferedwa mu The Book of the Duchess, nzeru zakuya za Boethius zimene anazimasulira kuchoka m'Chilatini.

Kwa inu amene mumati Chichewa chilibe mawu a sayansi, imvani iyi. Cha m'ma 1391 Chaucer analembera mwana wake Lewis, wa zaka 10, kabuku kofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka chipangizo choyezera dzuwa ndi nyenyezi. Anakalemba m'Chingerezi chifukwa mwanayo Chilatini anali asanachidziwe bwino. Sanadikire kuti mwana ayambe wakhoza chiyankhulo cha eni ake ndiye adzamve za nyenyezi. Ife tinachita chiyani? Mu 1996 unduna wa maphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chiyambire Sitandade 1. Ndipo mwana akhoze masamu ndi sayansi motani, akalephera Chingerezi satifiketi ya Fomu 4 saiona.

Matendawa ndi akale. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ndipo mu 1972 kunabadwa Chichewa Board. Koma Kamuzu yemweyo ankayankhula kwa anthu ake m'Chingerezi, wina n'kumamasulira, ndipo atatsegula sukulu ya pamtima pake ku Mtunthama mu 1981, Chilatini ndi Chigiriki ndiye zinakhala pa mpando. Uthenga unamveka: Chichewa n'chabwino kuombera m'manja, koma nzeru zimakhala kwina. Ambiri a ife tinakula titamva kale uthengawu, tikuvekedwa chikwangwani m'khosi pa sukulu chifukwa chotulutsa mawu amodzi a kwathu. Chaucer anthu otere ankawadziwa. M'buku lake lotchuka muli mkulu wa masisitere wodya mwaulemu, wopukuta mlomo bwinobwino, wonyadira Chifalansa chake, koma mlakatuli amatinong'oneza kuti Chifalansacho chinali cha pa sukulu ya kumphepete kwa London, cha ku Paris mayiyo sankachidziwa. Ndani wa ife sanakumanepo naye sisitereyu atavala tayi?

Bukulo ndi The Canterbury Tales, limene analiyamba cha m'ma 1387 ndipo anamwalira asanalimalize. Anthu pafupifupi 30 akumana pa nyumba ya alendo yotchedwa Tabard ku Southwark, onse ali pa ulendo wa ku Canterbury kukapemphera pa manda a Thomas Becket, bishopu wamkulu amene anaphedwa mu 1170. Mwini nyumbayo akuti njira italika, aliyense asimbe nthano ziwiri popita ndi ziwiri pobwera, wopambana anzake adzamugulire chakudya chamadzulo. Nthano zimene zinalembedwa ndi 24 zokha. Woyamba kusimba ndi msilikali wolemekezeka, nthano yake ya mafumu ndi chikondi chaulemu. Atatha, mwini nyumba akuitana mkulu wa mpingo kuti atsatire monga mwa maudindo, koma wachigayo, ataledzera mpaka kupendekeka pa kavalo, akulanda bwalo n'kusimba nthano ya mkazi wa kalipentala ndi zibwenzi zake, yoti simungaiwerenge pamaso pa apongozi. Muli mayi wa ku Bath amene anakwatiwapo ndi amuna asanu ndipo akutsutsana ndi alaliki pogwiritsa ntchito Baibulo lomwelo. Muli wogulitsa zikalata za chikhululukiro cha machimo, woyenda ndi mafupa a nkhumba n'kumati ndi a oyera mtima, amene amaulula yekha kuti amalalikira zodzudzula dyera pofuna kudzaza thumba lake. Kodi ameneyu ndi wa ku England wa zaka 600 zapitazo, kapena ndi uja amagulitsa timabotolo ta madzi odalitsidwa?

Ndikakhala pa mchenga pano pa Chikale, azungu odzaona nyanja ali gone ndi mabuku awo, ndimaganiza za Ilala, sitima imene yayenda pa nyanjayi kuyambira 1951. Mmene imanyamuka pa jeti kulowera ku Chizumulu ndi ku Likoma, kapena ku Usisya, Ruarwe mpaka Chilumba, imakhala itanyamula Malawi yense. Pamwamba pali bwana wa bungwe ndi mowa wake wozizira. Pansi pali mayi wa matumba a usipa, mphunzitsi wothamangitsidwira ku sukulu yopanda msewu, mbusa, msilikali wa pa tchuthi, mnyamata wobwerera kuchokera ku Joni ndi wailesi yaikulu koma m'thumba muli mbee, ndi gogo wopita ku chipatala. Mwera ukawomba onsewa amasanza mofanana. Usiku ukatalika amayamba nkhani, wina m'Chitonga, wina m'Chitumbuka, wina m'Chinyanja cha ku Likoma. The Canterbury Tales yathu imeneyo, imayandama pamaso pathu, ndipo alakatuli athu ophunzira ali kalikiliki kulemba m'Chingerezi za maluwa amene sanawanunkhizepo.

Pali gulu linanso limene ndilibe nalo mtendere, la amene amati Chaucer ndi katundu wa atsamunda, tingomutaya m'nyanja. Amenewa ndiwakumbutse kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chaucer mwini wake anali wobwereka wopanda manyazi. Nthano ya msilikali ija ndi nkhani ya Troilus anazitenga kwa Boccaccio wa ku Italy, n'kuziumbanso. Anawerenga Dante, amenenso anasiya Chilatini n'kulemba ndakatulo yake yaikulu m'chiyankhulo cha kwawo. Mawu a Chifalansa anawalowetsa m'mizere yake mmene ife tinalowetsera sitima, sukulu ndi buledi. Julius Nyerere, ali mtsogoleri wa dziko, anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963, ndipo Chiswahili sichinachepe nazo. A Benedicto Wokomaatani Malunga anaika Things Fall Apart m'Chichewa n'kulitcha Chipasupasu. Angerezi eni ake Chingerezi cha Chaucer chimawavuta, n'chifukwa chake ambiri amamuwerenga m'mawu amakono monga a Nevill Coghill a mu 1951. Ngati eni ake amamumasulira, ife tikuopa chiyani?

Sindikuti munthuyu anali mngelo. Anadya za mafumu atatu, Edward III, Richard II ndi Henry IV. Mu 1374 anapatsidwa mtsuko wa vinyo tsiku lililonse, ndipo chakumapeto kwa moyo wake analembera mfumu yatsopano ndakatulo yodandaula kuti chikwama chake chapepuka. Mu 1381 alimi osauka ataukira boma n'kulowa mu London, iye ankakhala pamwamba pa chipata cha Aldgate, koma za kuukirako anangozitchula modutsa m'nthano ya tambala ndi nkhandwe. Jack Mapanje, amene anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991, analipira mtengo umene Chaucer sanaulipirepo. Nthano ya sisitere uja ndi yodzala ndi chidani pa Ayuda, ndipo palibe chifukwa choibisira.

Tsopano ndiponde pamene pali chilonda, pakuti ine ndinayamwa Chitonga ndipo ndikulemba m'Chichewa. Chingerezi cha Chaucer chinali cha ku London, kumene kunali mfumu, ndalama, kenaka makina osindikizira a William Caxton amene anatulutsa The Canterbury Tales cha m'ma 1476. Mipukutu yolembedwa pamanja ya bukuli ilipo yoposa 80. Nthawi yomweyo kumpoto chakumadzulo kwa England kunali mlakatuli wina wamkulu, mlembi wa Sir Gawain and the Green Knight, wolemba m'mayankhulidwe a kwawo. Ntchito yake inapulumuka mu mpukutu umodzi wokha, ndipo dzina lake palibe amene akulidziwa. Chaucer naye, m'nthano ya kapitawo, anaika anyamata awiri a kumpoto kuti anthu a ku London aseke kayankhulidwe kawo. Ife a kumpoto kuno kuseka kumeneko tikukudziwa. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC ndipo chinabwerera mu 1994. Chitonga, chiyankhulo cha kwawo kwa Elliot Kamwana, Clements Kadalie ndi Orton Chirwa, chili ndi nyimbo za chilimika ndi za asodzi a chilimira zokwana mabuku ambiri, koma pitani mu sitolo ya mabuku mukafunse. Choncho anzanga olemba m'Chichewa, pomwe tikulimbana ndi Chingerezi tisasanduke London wa anzathu.

Pempho langa ndi lalifupi. A ku Centre for Language Studies ku Zomba, amene analowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, pamodzi ndi osindikiza mabuku, apeze anthu omasulira nthano zingapo za Chaucer m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chitonga. Ayambe ndi ya wogulitsa chikhululukiro uja, ya anyamata atatu amene anapita kukasaka Imfa n'kupeza golide patsinde pa mtengo, mapeto ake n'kuphana okhaokha. Agogo anga akanaimva bwino kuposa ena a madigiri. Ndipo inu akuluakulu a tayi, tsiku lina mukadzafuna kunyoza mwana wowerenga Samuel Ntara, E.J. Chadza, J.W. Gwengwe kapena Willie Zingani, dzatchuleni dzina lina. Kalaliki wa pa doko uja anakana kuchita manyazi ndi chiyankhulo cha mayi ake pamene ophunzira a nthawi yake ankachiyesa cha kumowa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.